Mavairasi a Papiloma ndi Khansa

Mavairasi a papiloma ndi gulu la tizilombo ting'onoting'ono kwambiri timene timakhala pakhungu ndiponso m'timinofu tofewa tokuta m'kati mwa ziwalo monga m'kamwa, kummero, kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi. Tizilomboti timapezeka mwa anthu ndi nyama zambiri monga akalulu, ng'ombe, agalu, mbewa, anyani ndi mbalame. Timene timagwira anthu timadziwika ndi dzina lachidule lakuti HPV, ndipo asayansi apeza mitundu yake yoposa 200. Mitundu yambiri imangoyambitsa njerewere kapena sionetsa chizindikiro chilichonse, koma mitundu yochepa imatha kuyambitsa khansa, makamaka ya khomo la chiberekero. Popeza kachilombo ka HPV sikamera mwa nyama, zambiri zokhudza mmene khansayi imayambira zinadziwika pofufuza nyama zimene zili ndi mavairasi awoawo a papiloma.

Kapangidwe ka kachilomboka

Kachilombo kamodzi ka papiloma ndi kozungulira ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mananomita 55. Izi zikutanthauza kuti pangafunike kundandalika tizilombo pafupifupi 18,000 kuti tikwane milimita imodzi. Chikamba chake chakunja chimapangidwa ndi mapuloteni awiri otchedwa L1 ndi L2. M'kati mwa chikambacho muli DNA yopindika ngati mphete, yokhala ndi zilembo pafupifupi 8,000 za malangizo. DNA imeneyi ili ndi majini pafupifupi 8 okha. Majini a E1 ndi E2 amayendetsa ntchito yochulukitsa DNA ya kachilomboka, L1 ndi L2 amapanga chikamba, pomwe E5, E6 ndi E7 amasintha khalidwe la selo limene kachilomboka kalowamo.

Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika mitundu 12 ya HPV m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Pa mitundu imeneyi, HPV 16 ndi HPV 18 ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa yonse ya khomo la chiberekero. Mitundu ya HPV 6 ndi 11 imayambitsa pafupifupi 90 peresenti ya njerewere za kumaliseche, koma si kawirikawiri kuti iyambitse khansa. Kuwonjezera pa khomo la chiberekero, HPV imayambitsanso khansa ya kotulukira chimbudzi, ya ziwalo zobisika za amuna ndi akazi, komanso ya kummero.

Mmene kamakhalira m'thupi

Khungu ndi timinofu tokuta ziwalo zimapangidwa ndi maselo osanjikizana. Maselo apansi penipeni ndi okhawo amene amagawikana n'kupanga atsopano. Maselo atsopanowo amakankhidwira m'mwamba pang'onopang'ono, amasiya kugawikana, amakhwima, ndipo pamapeto pake amafa n'kufundukapo.

Kachilombo ka papiloma kamafika pa maselo apansiwo kudzera m'timing'alu tosaoneka ndi maso, monga timene timachitika pogonana. Kakalowa m'selo, DNA yake imakhala m'kati mwa nyukiliyasi ngati kamphete kapadera, ndipo imachulukitsidwa pamodzi ndi DNA ya selolo. Kachilomboka kalibe zipangizo zakezake zokwanira zokopera DNA, choncho kamadalira za selo. Komabe tizilombo tatsopano timapangidwa m'maselo a m'mwamba, omwe mwachibadwa amakhala atatseka kale zipangizo zimenezi. Apa ndi pamene mapuloteni a E6 ndi E7 amagwirira ntchito: amachititsa selo limene linayenera kupuma kuti lipitirize kukopera DNA.

Tizilombo tatsopano timatuluka pamodzi ndi maselo akufa amene akufunduka. Sitiyenda m'magazi, sitiphulitsa maselo, ndipo sitichititsa kutupa koonekera, n'chifukwa chake chitetezo cha m'thupi chimachedwa kutizindikira. Ngakhale zili choncho, pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amene atenga HPV, thupi lawo limathana nako m'zaka ziwiri popanda mankhwala. Vuto limabuka kachilombo ka mtundu woopsa kakakhazikika m'thupi kwa zaka zambiri.

Mmene khansa imayambira

M'selo lililonse muli mapuloteni amene amaletsa kugawikana kosalamulirika. Awiri ofunika kwambiri ndi pRb ndi p53. Puloteni ya pRb imagwira ntchito ngati buleki: imaletsa selo kuyamba kukopera DNA nthawi yake isanakwane. Puloteni ya p53 ili ngati mlonda: ikaona kuti DNA yawonongeka, imaimitsa selo kuti likonzedwe, ndipo ngati silingakonzeke imalilamula kuti life.

Mu 1989 ofufuza a ku United States anapeza kuti E7 ya HPV 16 imamatirira ku pRb n'kuilepheretsa kugwira ntchito. Mu 1990 gulu la Peter Howley linasonyeza kuti E6 imachititsa kuti p53 iphwanyidwe. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti E6 imadzutsa puloteni yotchedwa telomerase, imene imachititsa kuti selo lisakalambe. Choncho selo limene muli HPV 16 kapena 18 limagawikana popanda buleki, silifa ngakhale DNA yake yawonongeka, ndipo silikalamba. Zolakwika za m'DNA zimaunjikana chaka ndi chaka mpaka selo lina limasanduka la khansa. Mapuloteni a E6 ndi E7 a mitundu yongoyambitsa njerewere alibe mphamvu yofanana pa p53 ndi pRb, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene mitunduyo ilili yosaopsa kwenikweni.

M'zotupa zambiri za khansa, DNA ya kachilomboka imapezeka itaduka n'kulumikizika ku DNA ya munthuyo. Nthawi zambiri imadukira pa jini ya E2, yomwe ntchito yake ina ndi kuchepetsa kapangidwe ka E6 ndi E7. Jiniyi ikawonongeka, mapuloteni awiriwo amapangidwa mosalekeza. Selo lotere silithanso kupanga tizilombo tatsopano, kotero khansa sipindulitsa kachilomboka m'njira iliyonse. Imabwera mwangozi, chifukwa cha njira imene kachilomboka kamagwiritsa ntchito pofuna kuchulukana.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi maselo a HeLa, amene anatengedwa pa khansa ya khomo la chiberekero ya Henrietta Lacks ku Baltimore mu 1951 ndipo akukulabe m'malabotale mpaka lero. M'maselo amenewa muli DNA ya HPV 18 yolumikizika ku DNA yake. Asayansi akaletsa E6 ndi E7 m'maselowa, p53 ndi pRb zimayambiranso kugwira ntchito ndipo maselowo amasiya kugawikana.

Khansa ya khomo la chiberekero imayambira makamaka pamalo pamene maselo a kunja kwa khomolo amakumana ndi a m'kati. Malinga ndi WHO, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osokonekera asanduke khansa mwa mayi amene chitetezo chake chili bwino, ndipo zaka 5 mpaka 10 zokha mwa amene chitetezo chake n'chofooka. Zinthu zina zimene zimawonjezera chiopsezo ndi kusuta fodya, kubereka ana ambiri, kutenga mimba ali wamng'ono, ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Chifukwa chofufuzira nyama

Maganizo akuti khansa ya chiberekero imakhudzana ndi kugonana ndi akale. Mu 1842 dokotala wa ku Verona, Domenico Rigoni-Stern, ataunika mabuku olembamo anthu omwalira anaona kuti nthendayi inali yosowa pakati pa masisitere poyerekeza ndi akazi okwatiwa. Mu 1907 Giuseppe Ciuffo, wa ku Italy komweko, anasonyeza kuti njerewere zimafalitsidwa ndi kanthu kakang'ono kotha kudutsa musefa yotsekereza mabakiteriya. Koma kupita patsogolo kunali kovuta pa zifukwa zitatu.

Choyamba, pafupifupi kachilombo kalikonse ka papiloma kamagwira mtundu umodzi wokha wa chamoyo, moti HPV simera pa mbewa kapena kalulu. Chachiwiri, kachilomboka kamamaliza moyo wake m'maselo osanjikizana amene akukhwima, pomwe maselo oweteredwa m'mbale za mulabotale amangoyala mzere umodzi. Njira yowetera khungu losanjikizana lotulutsa tizilombo ta HPV inatheka cha m'ma 1992. Chachitatu, khansa imatenga zaka zambiri, ndipo n'kosaloleka kupatsira munthu kachilombo koopsa dala kuti aone chimene chichitike. Pa zifukwa zimenezi ofufuza anatembenukira ku nyama.

Akalulu a nyanga

Alenje a m'chigawo chapakati cha United States ankapha akalulu am'tchire okhala ndi zomera zolimba, zakuda, zooneka ngati nyanga kumutu ndi m'khosi. Richard Shope, wa ku Rockefeller Institute, analandira zomerazi kuchokera ku Iowa ndi Kansas. Anazipera, n'kusefa madzi ake, kenako anawapaka pakhungu lokandidwa la akalulu athanzi. Akaluluwo anamera njerewere zofanana. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 1933, ndipo aka kanali kachilombo koyamba ka papiloma kufufuzidwa mwatsatanetsatane.

Mu 1935 Peyton Rous ndi Joseph Beard anaona kuti njerewere zimenezi zikakhalitsa pa akalulu oweta, zambiri zimasanduka khansa ya pakhungu. Uwu unali umodzi mwa maumboni oyambirira akuti vairasi ingayambitse khansa mwa nyama yoyamwitsa. Pambuyo pake Rous ndi John Kidd anapeza kuti kalulu amene anapakidwa phula la malasha pakhungu amadwala khansa msanga akalandira kachilomboka. Zinaonekanso kuti m'zotupa za akalulu oweta munkapezeka tizilombo tochepa kwambiri totha kupatsirana, ngakhale kuti zotupazo n'zimene zinkasanduka khansa kawirikawiri kuposa za akalulu am'tchire.

Kafukufuku wa akaluluyu anakhazikitsa mfundo zimene pambuyo pake zinatsimikizika mwa anthu: khansa imabwera pang'onopang'ono, zotupa zina zimatha zokha, zinthu zina zowononga zimafulumizitsa khansa, ndipo chotupa cha khansa sichipanga tizilombo tatsopano. Mu 1937 Shope anasonyezanso kuti kalulu wobayidwa madzi a njerewerezo amatetezeka akakumananso ndi kachilomboka.

Ng'ombe ndi chomera cha poizoni

M'zaka za m'ma 1970, William Jarrett ndi anzake a ku yunivesite ya Glasgow anafufuza chifukwa chimene ng'ombe zambiri za m'mapiri a ku Scotland zinkafera ndi khansa ya kummero ndi m'njira ya chakudya. Anapeza kuti kachilombo ka ng'ombe kotchedwa BPV-4 kamayambitsa njerewere m'njira imeneyi. Mwa ng'ombe zodya msipu wabwino, njerewerezo zinkatha zokha pakapita miyezi. Koma mwa ng'ombe zodya chomera chotchedwa bracken, njerewerezo zinkachuluka, zinkakhalitsa ndipo zina zinkasanduka khansa. Chomerachi chili ndi poizoni amene amawononga DNA ndiponso kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Mitundu ina ya kachilombo ka ng'ombe, BPV-1 ndi BPV-2, imakhudzidwa ndi khansa ya chikhodzodzo mwa ng'ombe zodya chomera chomwechi.

Kachilombo ka BPV-1 kanathandizanso m'njira ina. Njerewere za ng'ombe zimatulutsa tizilombo tochuluka, ndipo mu 1980 gulu la Douglas Lowy linasonyeza kuti DNA yake imasintha maselo a mbewa oweteredwa m'mbale kukhala ngati a chotupa. Zambiri zokhudza ntchito ya E1, E2 ndi E5 zinadziwika kudzera mwa kachilombo kameneka. BPV-1 ndi BPV-2 ndi zosiyana ndi anzawo chifukwa zimatha kulumpha kuchoka pa ng'ombe n'kuyambitsa zotupa za pakhungu pa mahatchi ndi abulu.

Umboni wa mwa anthu

M'zaka za m'ma 1970 ofufuza ambiri ankaganiza kuti khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka herpes. Harald zur Hausen wa ku Germany sanapeze DNA ya kachilombo kameneko m'zotupa zimene anayeza, ndipo ananena kuti choyambitsa chingakhale kachilombo ka papiloma. Gulu lake linapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984 m'zotupa za khansayi. Kafukufuku wa zotupa zochokera m'mayiko osiyanasiyana, wofalitsidwa mu 1999, anapeza DNA ya HPV mu 99.7 peresenti ya zotupazo. Zur Hausen analandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Kupezeka kwa DNA m'chotupa pakokha sikunasonyeze kuti ndi majini ati amene amayambitsa khansa m'thupi lamoyo, kapena kuti amafuna thandizo lotani. Mafunso amenewa anayankhidwa ndi mbewa.

Mbewa za mulabotale

Popeza HPV simera pa mbewa, ofufuza anaika majini a HPV 16 mu DNA ya mbewa zisanabadwe, n'kuwakonza kuti azigwira ntchito m'maselo apansi a khungu. Mu 1996 Jeffrey Arbeit, Peter Howley ndi Douglas Hanahan anasonyeza kuti mbewa zazikazi zoterezi zimadwala khansa ya khomo la chiberekero zikapatsidwa mahomoni a estrogen kwa miyezi ingapo. Majini okha popanda estrogen sankayambitsa khansayi, ndipo estrogen yekha pa mbewa wamba sankaiyambitsanso. Gulu la Paul Lambert ku yunivesite ya Wisconsin linapanga mbewa zokhala ndi E6 yokha ndi zina zokhala ndi E7 yokha. Linapeza kuti pa khomo la chiberekero E7 ndiyo yamphamvu kwambiri, ndipo E6 ikakhalaponso zotupa zimakula kwambiri.

Mu 2007 ofufuza a ku National Cancer Institute anagwiritsa ntchito zikamba za HPV zonyamula jini yowala poona mmene kachilomboka kamalowera m'njira yoberekera ya mbewa. Anapeza kuti sikalowa ngati khungu lili lonse bwinobwino. Kamayamba kamamatira pansi pa kabala, kenako n'kulowa m'maselo amene akubwera kudzatseka balalo.

Mu 2011 kunalengezedwa za kachilombo ka papiloma kachibadwa ka mbewa za mulabotale, kotchedwa MmuPV1, kamene kanapezeka mu mbewa zopanda chitetezo chokwanira ku India. Kachilomboka kanalola ofufuza kutsatira matenda onse kuyambira pa kutenga mpaka pa khansa. Mbewa zopanda maselo oteteza otchedwa T zimamera njerewere zambiri, pomwe zambiri mwa mbewa zathanzi zimathana nako. Kachilomboka kamafalanso mbewa zikamakwerana, ndipo kamatha kuyambitsa khansa ya m'njira yoberekera.

Nyama ina yothandiza ndi Mastomys coucha, mbewa ya mawere ambiri yochokera kumwera kwa Africa, imene imawetedwa pa likulu lofufuza za khansa ku Heidelberg. Mbewazi zili ndi kachilombo kawo ka pakhungu, ndipo zikaombedwa ndi kuwala kwa UV, kofanana ndi kochokera kudzuwa, zimadwala khansa ya pakhungu kwambiri kuposa zopanda kachilomboka. Zimathandiza pofufuza khansa ya pakhungu imene imavuta anthu amene chitetezo chawo chinafooka.

Njira yofikira ku katemera

Mu 1991 Jian Zhou ndi Ian Frazer a ku yunivesite ya Queensland ku Australia anasonyeza kuti mapuloteni a chikamba cha HPV angapangidwe mulabotale n'kudzisonkhanitsa okha. Mu 1992 gulu la Lowy ndi John Schiller linasonyeza kuti L1 yokha imapanga zikamba zopanda DNA, zooneka ngati kachilombo kenikeni, zimene zimadzutsa asilikali amphamvu a m'magazi. Panalibe njira yoyesera zikamba za HPV pa nyama, choncho ofufuza anapanga zikamba za mavairasi a nyamazo. Mu 1995 katemera wotere anateteza akalulu ku njerewere za pakhungu ndi agalu ku njerewere za m'kamwa, ndipo mu 1996 anateteza ana a ng'ombe ku BPV-4. Madzi a m'magazi a nyama yotemeredwa ataperekedwa kwa nyama ina, nayonso inatetezeka, zomwe zinatsimikiza kuti chitetezocho chimachokera kwa asilikali a m'magazi.

Nyamazi zinasonyezanso malire a katemerayu: amateteza amene sanatenge kachilomboka, koma sachotsa kamene kanakhazikika kale. N'chifukwa chake amaperekedwa kwa atsikana asanayambe kugonana. Katemera wa Gardasil analoledwa mu 2006, Cervarix mu 2007, ndipo Gardasil 9, woteteza ku mitundu 9, mu 2014. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti khansa ya khomo la chiberekero inatsika ndi 87 peresenti mwa akazi a m'gulu limene linapatsidwa mwayi wa katemera ali ndi zaka 12 kapena 13.

Malire a kafukufuku wa nyama

Palibe nyama imodzi imene imaonetsa zonse zochitika mwa munthu. Kachilombo ka akalulu kamagwira khungu lakunja. Mwa BPV-1 puloteni yosintha maselo kwambiri ndi E5, pomwe mwa HPV 16 ndi E6 ndi E7. Mbewa zoikidwa majini zimakhala nawo m'khungu lonse kuyambira pobadwa, ndipo chitetezo chawo chimawatenga ngati mbali ya thupi, pomwe munthu amatenga kachilomboka atakula, m'maselo ochepa chabe. MmuPV1 ilibe jini ya E5. Choncho zimene zapezeka pa nyama zimayenera kutsimikizidwa ndi kafukufuku wa anthu. Malamulo a m'mayiko ambiri amafunanso kuti ofufuza agwiritse ntchito njira zina ngati zilipo, achepetse chiwerengero cha nyama, ndiponso achepetse ululu wake, mogwirizana ndi mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch anafotokoza mu 1959.

Kukula kwa vutoli masiku ano

Malinga ndi WHO, mu 2022 akazi pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero padziko lonse ndipo pafupifupi 350,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo a m'mayiko osauka. Mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe, zomwe zikugwirizana ndi zimene zinaoneka pa ng'ombe ndi mbewa zofooka chitetezo. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko amene khansayi ndi yochuluka kwambiri. Ku Malawi katemera wa HPV anayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira mu 2013, ndipo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Zipatala zambiri zimayeza khomo la chiberekero popakapo viniga, yemwe amachititsa malo osokonekera kuoneka oyera, ndipo malowo amachiritsidwa powatentha kapena kuwazizira asanasanduke khansa.

Mu 2020 WHO inakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa pofika zaka 35 ndiponso 45, ndipo 90 mwa 100 a opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Popeza katemera amene alipo sathandiza amayi amene ali kale ndi HPV yokhazikika, ofufuza akuyesa makatemera ndi mankhwala olimbana ndi maselo opanga E6 ndi E7, ndipo ambiri mwa iwo amayamba kuyesedwa pa mbewa ndi akalulu.